Tiyi wa jinja ndi mandimu pa chimfine: amwe ndani, asamwe ndani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chamama, m'boma la Kasungu:

"Chiyambireni kuzizira kuno, chimfine sichikutuluka m'nyumba mwathu. Apongozi anga amatiphikira tiyi wa jinja, mandimu ndi adyo, nthawi zina n'kuponyamo masamba a bulugamu ndi a nimu. Amati aliyense amwe, ndi khanda langa lomwe la miyezi isanu. Mwana wamkulu ali ndi zaka zinayi, ndipo bambo a kunyumba amamwa mankhwala a BP. Ine ndikamwa ndimamvadi bwino, koma anawa akundidetsa nkhawa. Kodi tiyiyu amachizadi? Nanga apongozi ndingawaletse bwanji osawakhumudwitsa?"

Mayi, zikomo pofunsa. Ndiyambe ndi chimene sichingadikire: khanda la miyezi isanulo lisalawe tiyi ameneyo, ngakhale kasupuni kamodzi. Zifukwa zake ndifotokoza kutsogoloku. Koma inuyo, bambo a kunyumba ndi apongoziwo, imwani ndithu, bola muchotsemo zinthu ziwiri zimene nditchule.

Kumva bwino kumene mukunenako n'koona, si maganizo chabe. Chakumwa chotentha chikamatsika kukhosi chimabweretsa malovu ambiri, kukhosi kumafewa, kukanda kumachepa, ndipo makhololo amasungunuka n'kumatuluka mosavuta. Nthunzi yochokera m'kapu imakhudzanso mphuno. Mu 2008, akatswiri a pa Cardiff University ku Britain, kumene kunali malo ofufuzira za chimfine chokhachokha, anapatsa anthu odwala chimfine chakumwa cha zipatso, china chotentha china chosatentha. Chotenthacho chinawathandiza msanga pa mamina, kutsokomola, kuyetsemula, kuwawa kwa pakhosi, kuzizidwa ndi kutopa. Koma atayeza ndi makina mpweya wodutsa m'mphuno, anapeza kuti sunasinthe. Munthu amapepukidwa, matenda ali pomwepo. Ndiye mphamvu ya tiyi wanuyo ndi imeneyi, ndipo sindikuichepetsa ayi. Munthu amene wagona bwino usiku chifukwa kukhosi kwaleka kukanda wathandizika kwenikweni.

Chimene tiyi sachita ndi kupha kachilombo. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndipo alipo a mitundu yoposa 200. Ofala kwambiri amatchedwa rhinovirus. N'chifukwa chake munthu amachira mwezi uno, mwezi wamawa n'kudwalanso: kabwera kachilombo kamtundu wina kamene thupi silinakazolowere. Palibe tsamba, muzu kapena piritsi lopha tizilombo ta chimfine wamba. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimagwira ntchitoyo, ndipo chimatenga masiku 7 mpaka 10. Masiku awiri kapena atatu oyamba ndi amene amakhala owawa, kenako zimayamba kutsika, ngakhale kakhosomole kouma kamatha kutsalira mpaka sabata zitatu. Anthu ambiri amayamba kumwa zitsamba tsiku lachitatu, pamene matenda afika pachimake. Mawa lake akadzuka bwinoko, ulemu wonse umapita ku mphika, chonsecho thupi linali litayamba kale kupambana.

Tsopano tione za mumphika wa apongozi chimodzi chimodzi, chifukwa sizofanana.

Jinja ndi mandimu ndi zakudya, ndipo pa mlingo wa kukhitchini n'zabwino. Jinja amatenthetsa m'kamwa ndi pachifuwa, komanso amathandiza munthu akamachita mseru. Ine kwathu ndimatenga kachidutswa kofanana ndi chala chachikulu cha kumanja, kukatsuka, kukaphwanya, n'kukawiritsa m'makapu awiri a madzi kwa mphindi khumi. Ndimu sindimuwiritsa. Ndimayamba ndaphula, tiyi apoleko pang'ono, ndiye n'kufinyiramo theka la ndimu. Vitamini C amaonongeka ndi moto, choncho amene amadula mandimu n'kuwabwatitsa nthawi yaitali amangotsala ndi kuwawa kwa makoko. Ndipo ndinene zoona zake za vitamini C ameneyu, poti watchuka kwambiri: kafukufuku wa zaka zambiri akusonyeza kuti kuyamba kumumwa chimfine chitakugwirani kale sikufupikitsa matenda mooneka. Amene amamupeza tsiku ndi tsiku ndiwo amapindulako pang'ono. Ndiye ndi bwino ana azidya malambe, magwafa, mapapaya ndi masamba nthawi zonse, osati kudikira mamina ayambe. Makapu atatu kapena anayi a tiyiyu patsiku ndi okwanira. Mukachulukitsa jinja mumva kutentha pamtima, ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba achepetse ndimu ndi jinja yemwe, asamwenso m'mimba muli mopanda kanthu.

Adyo alibe vuto kwa munthu wamkulu ngati ndi kambewu kamodzi kapena tiwiri. Ine ndimakonda apite mu ndiwo kusiyana ndi mu tiyi, chifukwa ana amakana chakumwa chonse akangomva fungo lake, pamene chimene tikufuna n'chakuti amwe zamadzi zambiri.

Chimene simunatchule, koma chili ndi umboni wabwino kuposa zonsezi, ndi uchi. Supuni yaing'ono imodzi pogona imachepetsa kutsokomola kwa usiku, kwa ana opitirira chaka chimodzi ndi kwa akulu omwe. Ku Kasungu uchi siwosowa; alimi a njuchi alipo, makamaka m'midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park. Mwana wanu wa zaka zinayi uja mupatseni theka la kapu ya madzi ofunda, muli ndimu pang'ono ndi uchi, jinja akhale wongonunkhiritsa. Zamukwanira. Koma uchi womwewo ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana chaka. Mu uchi mumatha kukhala timbewu ta bakiteriya woyambitsa matenda otchedwa botulism. Matumbo a munthu wamkulu amatigonjetsa, koma a khanda sangathe, ndipo mwana amalefuka thupi lonse, kulephera kuyamwa ngakhale kupuma kumene. Kuwiritsa uchi mu tiyi sikupha timbewuti.

Ziwiri zoti zichoke mumphika ndi nimu ndi bulugamu. Kwathu kuno tili ndi chikhulupiriro chakuti mankhwala akamawawa ndiye kuti ndi amphamvu, ndipo nimu amalemekezedwa chifukwa cha kuwawa kwakeko. Koma kuwawa sikupha vairasi. Nimu si chakudya, ndipo palibe angadziwe mlingo wake poponya masamba odzaza dzanja mumphika: lero achepa, mawa achuluka. Mafuta a nimu anavulazapo ana aang'ono m'maiko ena, kusanza, kukomoka, ena mpaka kumwalira. Mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa ngati inuyo, ndi ana onse atalikirane naye. Bulugamu nayenso ali ndi mafuta onunkhira aja, amene amachititsa munthu kumva ngati mphuno zatseguka. Kununkhiza kulibe kanthu. Kumeza ndiye nkhani ina, chifukwa mafuta a bulugamu ndi poizoni akalowa m'mimba, ndipo kwa mwana safunika ochuluka kuti avulaze.

Popeza ndatchula bulugamu, ndisadumphe za kufukiza. Munthawi ya Covid-19, makamaka kumayambiriro kwa 2021, pafupifupi khomo lililonse linali ndi mphika wa masamba ndi bulangete, ndipo mwambowu unakhazikika. Munthu wamkulu akafuna kufukiza, achite atakhala pansi bwino, madzi ataphulidwa n'kupolako, podziwa kuti zingomupepuza kwa kanthawi. Koma mwana ayi. Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'chipatala, sindiiwala kamtsikana kena kamene anakafunditsa bulangete pamodzi ndi beseni la madzi owira. Mumdima ndi kutentha kuja kanachita mantha, kanaphiriphitha, beseni n'kugubudukira pantchafu. Chimfine chikanatha chokha sabata imodzi, koma mabala amoto anakagoneka m'chipatala nthawi yaitali, ndipo zipsera kali nazo mpaka lero. Amene anakafukiza anali munthu wokakonda ndi mtima wonse. N'chifukwa chake ndimalankhula za izi mosanyengerera.

Tibwerere kwa khanda lija. Mpaka miyezi isanu ndi umodzi, mwana amafunika bere lokha, opanda madzi, tiyi, phala kapena mankhwala azitsamba. Kamimba kake n'kakang'ono. Tiyi akalowa amalanda malo a mkaka, mwana n'kuyamwa pang'ono panthawi imene akufunika mkaka wambiri. Kapu ndi supuni zimatha kubweretsanso kutsegula m'mimba pamwamba pa chimfinecho. Ndipo mwana wotsekeka mphuno akamamwetsedwa mokakamiza amatsamwa, madzi n'kulowera ku mapapo. Inuyo mukadwala chimfine musaleke kuyamwitsa. Thupi lanu likamalimbana ndi kachilomboko limapanga chitetezo, ndipo china mwa icho chimapita kwa mwana kudzera mu mkaka. Muzingosamba m'manja ndi sopo musanamunyamule, ndipo musamutsokomolere kumaso. Mphuno zake zikatsekeka mpaka kumalephera kuyamwa, wiritsani kapu imodzi ya madzi, sungunulanimo theka la supuni yaing'ono ya mchere, azizire, ndiye mudonthezere dontho limodzi kapena awiri m'mphuno iliyonse asanayamwe, n'kupukuta ndi kansalu koyera. Madziwo mupange atsopano tsiku lililonse. Madzi amchere omwewo, ali ofunda, akulu angathe kuchukuchira kukhosi n'kulavula.

Za bambo a kunyumba: tiyi wa jinja, ndimu ndi uchi sasokonezana ndi mankhwala a BP pa mlingo umene ndanenawu. Mapiritsi awo asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Chimene ndimaopa kwa anthu a BP si mphika wa kukhitchini, koma mankhwala a chimfine ogula pa okala kapena ku famase. Ambiri mwa iwo ali ndi zotsegula mphuno, monga pseudoephedrine kapena phenylephrine, zimene zimafinya mitsempha ya magazi n'kukweza BP. Brufen, Indocid ndi diclofenac nawonso amatha kukweza BP ndi kulemetsa impso. Mutu ndi thupi zikamawawa, Panado ndiye woyenera: mapiritsi awiri a 500 mg, pakapita maola asanu ndi limodzi awiri ena, osapitirira mapiritsi 8 patsiku. Muziwerenga pa paketi, chifukwa mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati, ndipo munthu amamwa kawiri mosadziwa, chiwindi n'kuvulala. Ngati amakonda chidede, amwe mwa apo ndi apo. Chimatsitsako BP pang'ono, koma sichilowa m'malo mwa mapiritsi. Ndipo anzawo akawauza kuti athiremo kachasu pang'ono kuti chimfine chithawe, akane. Mowa umaumitsa thupi, umasokoneza tulo, ndipo ukakumana ndi Panado chiwindi chimasenza katundu wawiri.

Pali anthu enanso amene ndimawachenjeza pa nkhani ya zitsamba. Odwala shuga akumbukire kuti uchi ndi shuga ndithu. Amene ali pa ma ARV kapena pa mankhwala a TB asayambe kumwa zitsamba zamphamvu, kaya za m'botolo zogulitsidwa m'misika, asanafunse kuchipatala kumene amalandira mankhwala, poti zina zimachepetsa mphamvu ya mankhwalawo ndipo zina zimalemetsa chiwindi chimene chikugwira kale ntchito yaikulu. Amayi apakati omwe akumwa mapiritsi owonjezera magazi asawamwere tiyi wamasamba, uyu wa ku Thyolo ndi Mulanje, chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16.

Ndipo makapisozi. Amoxicillin ndi Bactrim amapha mabakiteriya, osati mavairasi, choncho pa chimfine wamba ndi kutaya ndalama. Ena amati mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira ndiye kuti pakufunika makapisozi. Ayi, mtunduwo umabwera chifukwa cha asilikali a m'thupi amene akumenya nkhondo, ndipo zimachitika pa chimfine chilichonse. Kumwa makapisozi awiri atatu ogula pa okala kumangophunzitsa mabakiteriya kupirira, tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni mankhwalawo n'kudzakanika. Pamenepa ndiye ndimawayamikira apongozi anu: kapu ya jinja ndi ndimu ndi yabwino kutalitali kuposa makapisozi osalembedwa ndi dokotala.

Koma nkhawa yanga yaikulu pa tiyi wa zitsamba si zimene zili m'kapu. Ndi masiku amene amatayika. Malungo amayamba ngati chimfine: mutu, kuphwanya m'thupi, kuzizidwa, kutentha. Chibayo chimayambanso ngati chimfine. Banja limati tiyambe taona, limaphika tiyi Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, ndipo pofika Lachinayi mwana akubwera kuchipatala ali lende kumsana, magazi atachepa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Musanyengedwe kuti poti ndi Juni kapena Julaye ndiye kuti udzudzu kulibe. M'madambo ndi m'madimba a m'mbali mwa Bua ndi Dwangwa malungo sathera nyengo ya mvula yokha. Lamulo lake n'losavuta: thupi likatentha, makamaka la mwana wosakwana zaka zisanu kapena la mayi woyembekezera, akayezedwe magazi tsiku lomwelo kapena mawa lake m'mawa, pasanathe maola 24. Kuyeza kwa pachala kuja kumatenga mphindi 15 mpaka 20, ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere, pamodzi ndi LA akapezeka nawo malungo. Kumadera akutali, alangizi a zaumoyo amene amayendetsa zipatala za m'midzi amathandizanso ana osakwana zaka zisanu. Akapanda kupezeka nawo malungo, bwererani kunyumba mukapitirize tiyi wanu mtima uli m'malo.

Chibayo mungathe kuchizindikira nokha, ndipo ndikufuna mayi aliyense adziwe kuwerenga mpweya wa mwana. Mwana akhale phee, osalira, mumuvule malaya, muike foni pambali, ndipo muwerenge kukwera kwa chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Wa miyezi iwiri mpaka chaka chimodzi, ngati khanda lanulo, akafika 50 kapena kuposa, akupuma mothamanga. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ngati wamkuluyo, malire ndi 40. Wosakwana miyezi iwiri ndi 60, ndipo ameneyo akangotentha thupi kapena kuleka kuyamwa ndi wa kuchipatala basi, popanda kuyesa china chilichonse. Mukaonanso kuti m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka, kapena ali lefu osadzuka bwino, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Kwa akulu, kubanika, kubaya m'chifuwa, makhololo a magazi, kapena kutentha thupi kobwereranso munthu atayamba kupeza bwino, si za tiyi zimenezo. Chifuwa chikafika sabata ziwiri, makamaka pamodzi ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, mukapereke makhololo ayeze TB. Amene ali ndi HIV asadikire n'komwe sabata ziwirizo. Mukakhala pakati, osadziwa ngati mupite kapena ayi, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, mulankhule ndi azaumoyo.

Mwati chimfine sichikutuluka m'nyumba. Kuzizira pakokha sikubala kachilombo. Chimachitika n'chakuti nyengo ino timatseka mazenera, timaunjikana pamoto, timagona mothithikana, ndipo kachilombo kamangodumpha kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, kudzera m'kutsokomola ndi m'manja. Mwana wamng'ono amatha kudwala chimfine kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu pachaka popanda vuto lina lililonse m'thupi mwake. Kwanuko kulinso zowonjezera: fumbi la fodya posankha ndi kudinda m'zigafa, utsi wa nkhuni m'khitchini, kenako fumbi la mu Ogasiti mphepo ikayamba. Zonsezi zimakanda njira za mpweya, chifuwa n'kumachedwa kupola. Ana asamasewere m'chigafa nthawi yosankha fodya, ndipo khanda lisakhale kumsana pamene mukupemerera moto. Posamba m'manja musanadye, muzithirirana madzi, osati onse kuviika m'beseni limodzi, ndipo wodwala akhale ndi kapu yakeyake ya tiyi. Chinanso chimene chimandiopsa nyengo ino ndi mbaula: musagone nayo m'chipinda chotseka pofuna kufunditsa wodwala. Mpweya wa makala sununkha, suoneka, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Za apongozi tsopano. Iwo akuphika tiyiyu chifukwa chokukondani, ndipo zambiri zimene akuchita n'zolondola: akuonetsetsa kuti odwala akumwa zotentha, akufunda, akupuma. Mukayamba ndi mawu akuti "achipatala akuti zanuzi n'zolakwika", mwatseka khomo. Yambani ndi kuthokoza, ndipo kapu yanu muzimwa iwo akuona. Nkhani ya nimu, bulugamu ndi khanda ndi bwino aiyambitse mwana wawo, bambo a kunyumbawo, inu muli pomwepo, chifukwa mawu omwewo akachokera kwa mtengwa amamveka ngati mwano pamene kwa mwana wawo amamveka ngati kudandaula. Anganene kuti, "Amayi, tiyi wanu uja akutithandiza, pitirizani kutiphikira. Koma kusikelo anatiuza kuti wamng'onoyu asalawe chilichonse kupatula bere mpaka atakwana miyezi isanu ndi umodzi, ndiponso kuti nimu si wabwino kwa mayi woyamwitsa." Mwawapatsa ulemu wawo, ndipo ntchito yawo simunawalande. Apatseninso ina: akhale iwo opatsa mdzukulu wamkuluyo supuni ya uchi pogona, ndipo muwaphunzitse kuwerenga mpweya wa khanda, poti nthawi zambiri ndiwo amatsala nalo inu mukapita kumunda kapena kuchigayo. Tsiku la sikelo likafika, apempheni akuperekezeni, ndipo funso la tiyili mulifunse kwa anamwino kapena alangizi iwo ali pambali panu, kuti yankho alimve ndi makutu awo.